Mwana wanga walowa kalabu yosambira yampikisano: kholo liyenera kuima pati?

Nakubala wa ku Lilongwe analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka makolo amene ana anu anadutsa kale m'njira imene ife tikuiyamba kumene. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 10, ndipo anaphunzira kusambira kusukulu. Kumapeto kwa teremu yatha aphunzitsi ake anatiuza kuti ali ndi luso, natilangiza kuti timulowetse m'kalabu imene imakonzekeretsa ana mipikisano. Tinavomera ndipo iye anakondwa kwambiri, koma pamene mpikisano wake woyamba wayandikira ndaona kuti ine ndi bambo ake sitikudziwa chimene tiyenera kuchita ndi chimene tiyenera kusiyira ena.

Bambo ake anakulira kunyanja ndipo amasambira bwino ndithu, ngakhale kuti kusambira kwawo n'kwa pagombe, osati kwa m'mizere ndi wotchi. Tsopano amaima kumpanda kwa dziwe ndi foni m'manja kuyeza nthawi ya mwana, ndipo tikangokwera galimoto amayamba kumufotokozera pamene anachedwa ndi mmene akanaponyera mkono. Amachita zimenezi mwachikondi, koma mwana amene kale ankalongolola njira yonse masiku ano amangoyang'ana pawindo. Chinanso chimene chikumufooketsa n'chakuti m'gulu lake muli mtsikana wa msinkhu wake amene ndi wamtali ngati wa zaka 13, ndipo amamusiya kutali nthawi zonse. Ndamvanso makolo ena akukamba za zovala zapadera zampikisano zimene mtengo wake unandiopsa, ndipo bambo ake akuganiza zoti patchuthi akamuphunzitsire kunyanja kuti asataye mphamvu. Ndikupempha amene mukudziwa kuti mundithandize maganizo.

Bambo wa ku Namiwawa anayankha:

Amayi, ndiyankha monga bambo amene ana ake anasambira m'kalabu kuno ku Blantyre mpaka kumaliza sekondale. Ndiyambe ndi nkhani ya foni ya bambo a mwana, chifukwa imeneyi ingathe kumuchotsa mwana m'madzi msanga kuposa ndalama kapena kuzizira. Wosambira wamng'ono amafunika kochi mmodzi yekha. Kochi akamuuza kuti lero asambire mofatsa, n'kumatambasula mkono mpaka kumapeto asanaubweze, amakhala ndi cholinga chake, ndipo nthawi ya tsiku limenelo iyenera kukhala yochedwa. Bambo amene waima kumpanda sanamve zimene zalamulidwa, amangoona kuti masekondi achuluka, ndiye m'galimoto amadzudzula mwana chifukwa chomvera mphunzitsi wake. Mwana wa zaka 10 sangathe kusankha pakati pa akuluakulu awiri amene amawalemekeza onse, ndipo kukhala chete kumene mukukuonako ndilo yankho lake. Ngati bambo ali ndi funso pa kasambiridwe ka mwana, apemphe kochi mphindi zochepa maphunziro akatha, mwana atapita kukasintha zovala. M'galimoto mukhale chakudya, juzi ndi nkhani iliyonse imene mwana waiyambitsa yekha.

Mudziwiretunso mmene mpikisano umayendera, kuti musadzakondwere kapena kukhumudwa pamalo polakwika. Ana sasambira onse pamodzi. Amawagawa m'magulu malinga ndi nthawi imene aliyense analembetsa, magulu ochedwa amayamba ndipo othamanga amabwera kumapeto, ndipo m'gulu lililonse wa nthawi yabwino koposa amamuika pakati, pamene m'dziwe la mizere 8 ndi mzere 4. Popeza mwana wanu alibe nthawi yolembedwa, adzakhala m'magulu oyambirira. Pomaliza amaphatikiza nthawi za magulu onse a msinkhu umodzi, kotero kuti mwana angathe kufika woyamba m'gulu lake koma osaona mendulo, ndipo wina angathe kufika womaliza atadula masekondi angapo pa nthawi yake yakale. Wachiwiriyu ndi amene makochi amamuthamangira kukamugwira chanza, chifukwa m'masewera amenewa chimene chimawerengedwa kwa mwana ndi nthawi yake yabwino koposa, imene ana amaitchula kuti PB.

Gulani kabuku kakang'ono, ndipo mwanayo azilembamo yekha tsiku, mtundu wa kasambiridwe, mtunda, nthawi, ndi kutalika kwa dziwe. Kutalika kwa dziwe musakuiwale. Mamita 100 m'dziwe la mamita 25 ali ndi malo otembenukira atatu, pamene m'dziwe la mamita 50 ali ndi amodzi okha, ndipo popeza kudzikankha pakhoma kumapereka liwiro, nthawi za m'dziwe lalifupi zimakhala zabwinopo. Inu a ku Lilongwe muli ndi dziwe lalikulu limene linamangidwa pokonzekera masewera a achinyamata a mayiko a kum'mwera kwa Africa, otchedwa Region 5, a mu Disembala 2022, ndipo mwana wozolowera maiwe aafupi a m'sukulu akadzasambiramo koyamba adzaona ngati khoma likumuthawa. Asadzayese kuti wabwerera m'mbuyo.

Za mtsikana wamtaliyo musade nazo nkhawa. Atsikana ambiri amatalika mofulumira cha pa zaka 11 kapena 12, ena amayamba msanga, ena amachedwa, ndipo m'gulu limodzi wobadwa mu Januwale amakhala wamkulu kwa wobadwa mu Disembala pafupifupi chaka chathunthu. Pa msinkhu umenewu kutalika ndi mphamvu zimapambana luso, koma anzake akadzamupeza pa msinkhu, amene anaphunzira kugwira madzi bwino ndi kutembenuka mwaukhondo amayamba kudutsa. Chimanga cha mvula yoyamba chimaoneka chachitali mu Disembala, koma za m'nkhokwe timazidziwa mu Meyi. Chimene ndingakuchenjezeni n'chakuti musalole kuti mwana akhazikike pa mtundu umodzi wa kasambiridwe chifukwa choti ndi umene akupambana lero. Aphunzire yonse inayi, freestyle (kusambira chafufumimba mosinthanitsa mikono), backstroke (kusambira chagada), breaststroke (kusambira ngati chule) ndi butterfly (kuponya mikono yonse iwiri pamodzi), chifukwa thupi lake likadzasintha mtundu umene udzamuyenere ungadzakhale wina.

Woyeza nthawi wa ku Leeds anayankha:

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Namiwawa, koma ndikuona kuti kungowauza bambo a mwana kuti abise foni sikungathandize, chifukwa munthu wachidwi chotero amafunika ntchito. Mpikisano uliwonse umasowa anthu odzipereka oyeza nthawi kumapeto kwa mizere, ndipo ambiri mwa iwo ndi makolo. Ine ndinayamba choncho kuno ku England mwana wanga atalowa kalabu. Woyeza nthawi amayang'ana mzere umene wapatsidwa, mumadutsa ana a anthu ena tsiku lonse, ndipo pofika madzulo amakhala ataona ana ambiri akulira, akuseka, akumwa madzi, magalasi a m'madzi atawavukira polumpha, kotero kuti zolakwa za mwana wake zimayamba kuoneka zazing'ono. Afunse akuluakulu a kalabu ngati pali maphunziro a oyang'anira mipikisano, chifukwa kwathuko masewerawa ali pansi pa Malawi Aquatic Union ndipo malamulo ake ndi omwewo a bungwe la dziko lonse la World Aquatics, limene mpaka Disembala 2022 linkatchedwa FINA.

Chimene makolo atsopano sachiyembekezera ndi kuchotsedwa kwa mwana pa zotsatira, pamene pafupi ndi dzina lake pamalembedwa zilembo DQ m'malo mwa nthawi. Zimachitika kawirikawiri kwa oyamba kumene, ndipo ndi bwino kumuuziratu mwana kuti si chilango kapena manyazi. Pa breaststroke ndi butterfly ayenera kugwira khoma ndi manja onse awiri nthawi imodzi, potembenuka ndi pomaliza pomwe. Pa breaststroke miyendo iyenera kukankha yonse pamodzi mapazi atayang'ana kunja, ndipo ana ambiri amapotoza mwendo umodzi osadziwa. Pa backstroke ayenera kumaliza ali chagada, koma mwana woopa kugunda mutu amatembenuka kuti aone khoma, ndipo pomwepo wachotsedwa. N'chifukwa chake pamwamba pa dziwe pamakhala timbendera pa mamita 5 kuchokera kukhoma, kuti awerenge mikono yotsala. Wodumpha chizindikiro chisanalire amachotsedwa popanda mwayi wachiwiri. Pa freestyle, backstroke ndi butterfly mutu uyenera kutuluka m'madzi asanapitirire mamita 15. Pa mpikisano wa munthu mmodzi wosakaniza mitundu yonse dongosolo lake ndi butterfly, backstroke, breaststroke, kenako freestyle. Mwana akachotsedwa, kholo lisapite kukakangana ndi woweruza m'mbali mwa dziwe. Amene amafunsa chifukwa chake ndi kochi, ndipo chifukwacho ndicho phunziro la sabata yotsatira.

Tinthu timeneti ta pakhoma sitichepa ngakhale kwa akatswiri. Ku London mu 2012 Chad le Clos wa ku South Africa anagonjetsa katswiri wa ku America Michael Phelps pa mamita 200 a butterfly ndi masekondi 0.05 okha, ndipo kusiyana kwake kunali pa kagwiridwe ka khoma. Anthu ambiri amakumbukira bambo ake, a Bert le Clos, akusefukira ndi chimwemwe pa kanema tsiku limenelo. Iwo anali m'gulu la oonerera, ndipo amene ankamuphunzitsa mnyamatayo ku Durban anali Graham Hill.

Za zovala zodula, sungani ndalama zanu. Zovala zokanikiza thupi zimapangidwira matupi a akuluakulu, zimatha msanga, ndipo ku America bungwe la USA Swimming linaletsa ana a zaka 12 kutsika m'munsi kuzivala m'mipikisano yambiri kuyambira mu Seputembala 2020. Ngakhale kwa akuluakulu, zovala zina za pulasitiki zinaletsedwa mu 2010, mpikisano wa ku Rome wa 2009 utaphwanya mbiri za dziko lonse zokwana 43. Mwana wa zaka 10 amafunika chovala wamba chomugwira bwino, kapu (chipewa chosambirira), ndi magalasi a m'madzi awiri, chifukwa lamba wake amakonda kuduka dzina la mwana litaitanidwa kale. Chovala muzichitsukuluza m'madzi ozizira opanda sopo wambiri ndi kuchiyanika pamthunzi, popeza klorini ndi dzuwa ndizo zimadya nsalu.

Pali funso lina limene ndikupempha kuti mulifunse ku kalabu mopanda manyazi, lokhudza chitetezo cha ana. Kuno makalabu a pansi pa bungwe la zosambira la Swim England amatsatira ndondomeko yotchedwa Wavepower, kalabu iliyonse imakhala ndi munthu wolandira madandaulo okhudza ana, ndipo mbiri ya makochi imafufuzidwa. Kulikonse kumene muli, kholo liyenera kuloledwa kuonerera maphunziro, wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka kapena m'galimoto, mauthenga a pafoni adzere kwa makolo, ndipo m'zipinda zosinthira zovala musamajambulidwe zithunzi. Kalabu yabwino siikwiya ndi mafunso amenewa.

Namwino wa ku Mangochi anayankha:

Achemwali, anzangawa anena zoona kuti kasambiridwe mukasiyire kochi, koma ndikuopa kuti mungamve ngati kholo liyenera kutseka pakamwa pa zonse. Pa thupi la mwana mwini mawu ndinu, ndipo kochi amene ali ndi ana ambiri m'madzi sangaone zimene inu mumaona kunyumba.

Za kunyanja, ine ndikukaniza. M'malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja yathu, makamaka pamadzi odekha osaya pafupi ndi midzi ndi bango, muli nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowa pakhungu munthu osamva kanthu, zizindikiro monga magazi m'mkodzo zimabwera patapita milungu kapena miyezi, ndipo ana ena sasonyeza kanthu koma amangofooka ndi kuchepa magazi. Mankhwala ake alipo, a praziquantel, koma mwana wolowa m'madzi amenewo tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali akudziika pangozi popanda phindu, popeza m'nyanja mulibe khoma lotembenukirapo ndipo mwera ukayamba mafunde amagonjetsa ngakhale wodziwa. Akakasewera m'madzi ndi abale ake, monga ana onse amachitira, mukabwerako muwauze achipatala kuti amuyeze pa nthawi yoyenera. Tchuthi chikhale tchuthi, thupi lomwe likukula limafuna kupuma.

Chimene ndimachiopa kwambiri kwa ana odziwa kusambira ndi mpikisano wobanika, woti tione amene akhalitse pansi pa madzi. Mwana akapuma mofulumira kambirimbiri asanamire, thupi silimuchenjeza kuti mpweya watha, ndipo amakomoka ali pansi mwakachetechete, osaphiriphitha n'komwe. Zimenezi zimagwera ngakhale osambira amphamvu. Muuzeni mosabisa kuti masewera amenewo ndi oletsedwa, ndipo asasambire yekha ngakhale atakhala katswiri. Chimodzimodzinso m'nyengo ya mvula, bingu likangomveka ana atuluke m'madzi ndipo adikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Kochi akazengereza, mutulutseni mwana wanu nokha.

Zina ndi za tsiku ndi tsiku. Mwana wa msinkhu umenewu amafunika tulo ta maola 9 mpaka 12, ndipo ngati maphunziro a m'mawa akumudula tulo mpaka kuyamba kuodzera m'kalasi, chepetsani masiku. Asalowe m'madzi ndi njala: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nthochi kapena mbatata zimakwana, ndipo akatuluka adye msanga chakudya chokhala ndi ndiwo zomanga thupi monga dzira, nyemba kapena usipa. Zakumwa zopatsa mphamvu ndi maufa a m'zitini sizoyenera ana. Botolo la madzi akumwa likhale m'mbali mwa dziwe, chifukwa wosambira amatuluka thukuta ngakhale saliona. Madzi a mpikisano amayenera kukhala pa madigiri 25 mpaka 28, koma maiwe ambiri kwathu kuno satenthetsedwa, ndiye mu Juni ndi Julaye mwana wowonda akayamba kunjenjemera milomo itasintha mtundu, atuluke, apukutidwe ndi kuvala zofunda. Khutu likayamba kuyabwa kapena kupweteka mukalikoka pang'ono, musalowetsemo thonje kapena nthenga, pitani naye kuchipatala ndipo apume kaye. Kupweteka kwa phewa kumene sikukutha pakapita masiku angapo muwadziwitse kochi, chifukwa kawirikawiri kumachokera ku kaponyedwe kolakwika ka mkono kapena kuchuluka kwa mtunda. Ndipo popeza ndi mtsikana amene akuyandikira kukula, kambiranani naye mofatsa za nthawi ya kumwezi isanafike, chifukwa atsikana ambiri amasiya kusambira pa msinkhu umenewo kaamba ka manyazi chabe, pamene njira zodzitetezera zilipo.

Nakubala wa ku Lilongwe anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera bambo ake mayankho anu, ndipo nkhani yoyeza nthawi yawasangalatsa kotero kuti anena kuti akafunsa ku kalabu; ya kunyanja sanaivomereze kwenikweni, koma anakhala chete pamene ndinafika pa likodzo. Ndatsala ndi funso limodzi limene ndinaliiwala. Mwanayu ali ndi tsitsi lambiri ndipo timaliluka, koma kapu ya kalabu siikwana, imavuka akangolumpha, ndipo tsitsi layamba kuuma ndi kuthothoka m'mbali. Mayi wina anandiuza kuti ndingomumeta, koma mwiniwake sakufuna n'komwe kumva zimenezo.

Mayi wa ku Johannesburg anayankha:

Amayi, musamumete mokakamiza, chifukwa mwana akaona kuti kusambira kwamulanda tsitsi angathe kudana ndi madziwo. Vuto limeneli si lanu lokha. Makapu wamba anapangidwira tsitsi lopyapyala, ndipo nkhaniyi inafika mpaka ku bungwe la dziko lonse: mu 2021, masewera a Olimpiki a ku Tokyo atayandikira, FINA inakana kapu yaikulu ya kampani ya ku Britain yotchedwa Soul Cap, anthu anadandaula kwambiri, ndipo mu Seputembala 2022 inaivomereza. Mmodzi mwa amene ankailankhulira anali Alice Dearing, mkazi woyamba wachikuda kusambirira Britain ku Olimpiki. Lero makapu otere amaloledwa pa mipikisano ndipo amapangidwa ndi makampani angapo. Kuno amapezeka m'masitolo a zamasewera, kotero ngati kwanuko akusowa mungatume wachibale wobwera pabasi. Kalabu ikafuna kuti avale kapu ya chizindikiro chake, funsani ngati angaivale pamwamba pa yaikuluyo kapena ngati angakusindikizireni yaikulu.

Kaluke kakenso n'kofunika. Mizere yogona yopita kumbuyo, yopanda mesh wambiri ndi mikanda, imakhala bwino m'kapu kuposa zingwe zazitali, ndipo oluka asakoke kwambiri m'mbali mwa chipumi, chifukwa kukokako pamodzi ndi labala wa kapu n'zimene zikuthothola tsitsi. Kapu ya silikoni siikoka tsitsi ngati ya labala wopyapyala. Asanavale kapu anyowetse tsitsi ndi madzi a pampopi, popeza tsitsi lomwe lakhuta kale madzi abwino silimwa klorini wambiri, koma musapake mafuta ochuluka nthawi imeneyo chifukwa kapu imaterera ndipo madzi a m'dziwe amada. Akatuluka atsukuluze nthawi yomweyo, apukute mofatsa, ndipo mafuta apake pamenepo. Pa tsiku la mpikisano ayambe wavala magalasi kenako kapu pamwamba pa lamba wake, ndipo ayeserere kulumpha atavala choncho pa maphunziro a sabata ino kuti kochi aone ngati ikugwira.